Kuluka lesi ndi kusoka zidole pakhomo: zoyenera ndi zosayenera

Kuluka si kwachilendo kwathu kuno. Tizipewa ta makanda, timasokosi, shawelo yotulutsira mwana chikuta, nsalu zoyala pamipando ya pabalaza, zonsezi zimachokera m'manja mwa amayi amene anaphunzira poonera anzawo, kaya pakhonde, kaya kugulu la amayi kutchalitchi. Koma munthu akafuna kukwera pang'ono, kuti ayambe kuluka lesi ya singano ziwiri, ija ya timabowo topanga masamba ndi mafunde, kapena kusoka zidole zofewa za nsalu, amapeza kuti kufulumira kwa zala sikukwanira. Ntchito ziwirizi zimalimba kapena kugwa pamalo amene wogula saona: pa kuwerenga masitichi ndi pa msoko wam'kati. Pa lesi bowo lililonse timaliika dala ndipo timaliwerenga. Pa chidole bowo ndi ngozi, chifukwa mwana apisapo chala, asolola zam'kati, n'kuponya mkamwa.

KULUKA LESI

Choyenera: yambani ndi ulusi wonenepa pang'ono, wowala, ndi singano zokulirapo. Lesi yotchuka kwambiri ndi yopyapyala zedi. Kuzilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, makamaka pachilumba cha Unst, amayi ankaluka mashawelo aakulu pafupifupi mamita 2 mbali zonse, koma opepuka moti shawelo yathunthu inkadutsa mu mphete ya ukwati. Ubweya wake ankachita kuzula ndi manja pakhosi pa nkhosa, pomwe pali wofewetsetsa, n'kuupota okha. Ku Orenburg, m'dziko la Russia, amachita zofananazo ndi ubweya wam'kati wa mbuzi. Mukaona zithunzi zake mtima umakhumbira, ndipo ndi bwino kukhumbira. Koma amayi amenewo anagwira singano ali atsikana. Inu yambani ndi ulusi wolembedwa 4 ply kapena DK ndi singano za mamilimita 4 kapena 5, zokulirapo kuposa zimene mukanalukira juzi ya ulusi womwewo, poti kukula kwa singanoko ndiko kumatsegula mabowo.

Chosayenera: musasankhe ulusi wakuda, wa mohair kapena wamawangamawanga pa ntchito yoyamba. Wakuda umabisa masitichi, makamaka madzulo pa kandulo kapena koloboyi. Wa mohair mukalakwitsa sumasuka, tiubweya take timakolana. Wamawangamawanga umameza maluwa amene mwavutika nawo. Ulusi weniweni wa lesi, umene magalamu 100 amatalika mamita 800 kapena kuposa, pamene 4 ply amangofika pafupifupi 400, udikire kaye chaka chamawa.

Choyenera: dziwani chimene ulusi wanu wapangidwa nacho. Wambiri wa m'mashopu ndi m'misika yathu ndi wa acrylic. Wa ubweya weniweni wa nkhosa ndi wosowa ndiponso wodula, koma umabisala pa kaunjika, m'majuzi akale. Dulani kachidutswa, kaikeni pa mbale yachitsulo, muyatse ndi machesi panja. Ubweya umanunkha tsitsi lopsa, moto wake umazima wokha, ndipo chotsalacho chimafikisika ndi zala. Thonje limayaka msanga n'kununkha pepala lopsa. Acrylic amasungunuka n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Mukapeza juzi ya ubweya, itembenuzeni muyang'ane misoko ya m'mbali. Ngati zigawo zake analumikiza ndi kamsoko ka tcheni, m'mphepete mwake muli mosadula, chigawo chilichonse chidzamasuka ulusi umodzi wautali. Yambirani kumtunda, paphewa kapena pakhosi. Kulungani ulusiwo kumsana kwa mpando, muumange malo anayi kuti usapiringizike, muuviike m'madzi ofunda pang'ono a sopo, kenako muuyanike pamthunzi mpaka mapindikidwe ake awongoke.

Chosayenera: musataye ndalama pa juzi imene misoko yake inadutsa pa makina a overlock. Imeneyo anachita kudula nsalu yoluka kale, ndiye mzere uliwonse ndi kaulusi kakekake. Mudzangopeza mulu wa tizidutswa. Isiyeninso ija inagwirana pochapa mpaka masitichi osaoneka.

Choyenera: pa kukula kwa singano khulupirirani mamilimita. Patani yakale ya ku Britain ikati nambala 8 ikunena singano ya mamilimita 4, pamene ya ku America ikati nambala 8 ikunena ya mamilimita 5. Singano zansungwi ndi zabwino kwa wophunzira chifukwa siziterera. Mutha kusema nokha, kuzisalaza bwinobwino n'kuzipaka kandulo, bola nsonga ikhale yosongoka mokwanira kulowa m'masitichi awiri nthawi imodzi.

Chosayenera: musalukire lesi masipoko a njinga. Ambiri anaphunzirira pomwepo ndipo ulemu wake tiwapatse, koma ndi owonda, mamilimita 2 basi, choncho nsalu imatuluka yothithikana. Komanso dzimbiri likalowa mu ulusi woyera silichoka.

Choyenera: mvetsani kuti bowo lililonse lili ndi mnzake. Lesi yonse, ndi ya ku Unst yomwe, yaima pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kukulunga ulusi pa singano osaluka kanthu; pamenepo pamabadwa bowo ndi sitichi yatsopano. Mapatani a ku America amalemba yo, a ku Britain yfwd kapena yrn, ndipo pa tchati amajambula kachizindikiro kozungulira. Chachiwiri ndi kuluka masitichi awiri pamodzi kuti akhale imodzi: k2tog imapendekera kumanja, ssk kumanzere. Pa sikafu yowongoka, mukawonjezera masitichi 6 muchotsenso 6, apo ayi iyamba kutambasuka kapena kuwonda. Patani imene ndimaikonda kwa woyamba ndi yakale ija yotchedwa feather and fan. Chigawo chake ndi masitichi 18 ndi mizere 4. Mzere woyamba ndi knit yokhayokha, wachiwiri purl yokhayokha, wachinayi knit. Ntchito yonse ili pa wachitatu: awiri pamodzi katatu, kenako kukulunga ndi kuluka imodzi maulendo 6, kenako awiri pamodzi katatu. Ikani masitichi 42 pa singano, ndiye kuti zigawo ziwiri za 18 ndi atatu mbali iliyonse, olukidwa knit nthawi zonse kuti m'mphepete musapindike. Mizere itatu mukupuma, umodzi mukuganiza. Mukayamba mvula ikamatha, chiperoni cha mu June chidzakupezani sikafu ili pakhosi.

Chosayenera: musawerenge tchati mmene mumawerengera kalata. Imayambira pansi, kudzanja lamanja, kulowera kumanzere. Mzere wobwerera umawerengedwa kuchokera kumanzere, ndipo matchati ambiri saujambula n'komwe. Musadumphenso kabokosi kofotokoza zizindikiro poganiza kuti mukuzidziwa kale, chifukwa olemba mapatani sagwirizana pa zonse.

Choyenera: werengani, ndipo dziikireni pobwerera. Mangani timalupu ta ulusi wa mtundu wina, muike pa singano pakati pa chigawo ndi chigawo. Mukamaliza mzere wa mabowo, werengani: 18, 18. Ngati kwinakwake kwatuluka 17, kawirikawiri mwaiwala kukulunga, ndipo mankhwala ake ndi apafupi: pa mzere wotsatira, mukafika pamalopo, nyamulani kaulusi kopingasa pakati pa masitichi awiriwo n'kukaluka. Bowo lidzachepa pang'ono koma palibe adzalione. Chinthu china chimene chimapulumutsa ntchito ya masabata ndi ichi: pakatha mizere 8 kapena 12, tengani singano yosokera ndi ulusi wa thonje wosalala, wa mtundu wina, muupise m'masitichi onse amene ali pa singano, osaupisa m'timalupu tija, n'kuusiya ukulendewera mbali zonse. Lembani nambala ya mzerewo. Zikasokonekera kutsogolo, mumamasula mpaka pa ulusiwo, masitichi onse mukawapeza ali chilili kukudikirani.

Chosayenera: musasolole singano n'kumasula mwaphuma popanda ulusi wotchingawo, poganiza kuti mutola masitichi monga mumachitira pa juzi. Zokulunga zija zilibe sitichi pansi pake, zimangosowa, ndipo simudziwanso pamene munali. Mzere wa mabowo musaulukire pamacheza kapena pamzere wa kusikelo. Kumeneko lukani mizere yopumira ija. Mphika ukayamba kusefukira, fikani kaye pa kalupu kotsatira musanaike singano pansi.

Choyenera: tsekani momasuka, kenako nyowetsani ndi kutambasula. Potseka mzere womaliza gwiritsani singano yokulirapo, chifukwa m'mphepete mothina simutambasuka. Lesi yongochoka pa singano imaoneka ngati chigamba chopukutira mbale, yokwinyika, maluwa osadziwika, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kuiponya m'chikwama ntchito isanathe. Iviikeni m'beseni la madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 20 kapena 30. Itulutseni mutainyamula ndi manja awiri, muikulunge m'thaulo, mupondepo kuti madzi achoke. Yalani nsalu yoyera pamatiresi, tambasulanipo lesiyo, muyambe kubaya mapini m'makona, kenako pakati pa mbali iliyonse, kenako paliponse pamene pali nsonga, mukuyeza ndi tepi kuti mbali zifanane. Mabowo amatseguka mukuona, masamba n'kuima lililonse pamalo pake. Isiyeni iumiretu musanazule pini ngakhale imodzi. Ubweya ndi thonje zimamvera madzi okha. Acrylic samva madzi, amafuna nthunzi: mutabaya mapini, yalani nsalu yonyowa pamwamba, muyandikize simbi mpaka ikhudze nsalu yonyowayo pang'ono chabe.

Chosayenera: musapotokole pofinya, musayanike pachingwe kapena padzuwa, ndipo musagwiritse mapini ochita dzimbiri. Simbi isatsamire pa acrylic, chifukwa akasungunuka kapena kuphwatalala sabwereranso. Ngati simbi yanu ndi ya makala, samalani ndi phulusa ndi timoto tothetheka.

Choyenera: pa zovala za khanda sankhani patani ya timabowo ting'onoting'ono, ndipo nsonga zonse za ulusi muzibise ndi singano n'kudula.

Chosayenera: musasiye ulusi wolendewera m'kati mwa timasokosi kapena timagolovesi. Kaulusi kamodzi kakazenga chala cha khanda kamatseka magazi, mwana n'kumangolira anthu osadziwa chimene chavuta.

KUSOKA ZIDOLE

Choyenera: yambani ndi chidole cha zigawo ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Chambo, kamba, mphaka wokhala pansi, zotere. Ngakhale kampani ya Steiff, yotchuka pa zimbalangondo za ana, inayamba ndi kanthu kakang'ono. Mayi Margarete Steiff a m'tauni ya Giengen ku Germany anadwala poliyo ali khanda ndipo moyo wawo wonse anayendera pa njinga ya olumala. Dzanja lamanja linali lofooka, moti makina osokera ankawatembenuza kuti azipukusa ndi lamanzere. Mu 1880 anasoka kanjovu ka nsalu ya felt kobayapo mapini, potengera patani ya m'magazini, ana n'kukasandutsa choseweretsa. Chimbalangondo cha manja ndi miyendo yotembenuka chinadza mu 1902, patapita zaka 22, chojambulidwa ndi Richard, mwana wa mchimwene wawo.

Chosayenera: musayambe ndi nsalu yaubweya wautali, kapena chidole cha timiyendo towonda kuposa chala chanu. Kusoka mudzasoka, koma kutembenuza kudzakukanikani.

Choyenera: chapani nsalu musanadule. Zidutswa za chitenje zimene atelala amasesa pakhonde ndi chuma pa ntchito imeneyi, chimodzimodzi malaya a thonje ndi mabulangete a fleece a pa kaunjika. Chitenje chatsopano chimakhala cholimba ndi mankhwala a kufakitale, china chimasuluka, ndipo chimafupika chikalowa m'madzi koyamba. Ziviikeni, muone ngati madzi asintha mtundu, muzitsuke mpaka ayere. Patani idulidwe pa katoni. Pojambula pa nsalu, kambulu ka sopo kotsala pochapa kamagwira bwino ntchito ya choko pa nsalu yakuda. Zigawo zoyenda ziwiriziwiri, monga makutu ndi mbali za thupi, muzidule nsalu itapindidwa kapena mutembenuze katoniyo, kuti musapezeke ndi mbali ziwiri zamanzere.

Chosayenera: musaike patani mopendekera pofuna kupulumutsa nsalu. Nsalu imatamuka kwambiri chopingasa cham'makona, ndiye mwendo umodzi udzanenepa kuposa unzake mukayamba kuikamo zam'kati.

Choyenera: msoko ukhale wa masitichi afupiafupi. Pa makina, mamilimita 1.5 mpaka 2, osati aatali aja osokera makatani. Pamanja, sitichi yobwerera m'mbuyo, ndi ulusi wa polyester wowirikiza. Siyani mamilimita 6 kunja kwa msoko. Pakhosi, m'khwapa ndi polumikiza makutu bwerezani kawiri, poti mwana amanyamula chidole pogwira pomwepo n'kumachikoka pansi tsiku lonse. Musanatembenuze, chekani timipata m'mphepete mwa malo okhota, osafika pa ulusi, kuti msoko usakwinyike. Potembenuzira musiye pamalo owongoka, monga kumsana kapena pamimba, masentimita 5 kapena 6, ndipo potseka mugwiritse sitichi yobisika ija yolowa m'mpindo wa uku ndi wa uko, imene mukakoka ulusi mbali ziwirizo zimakumana msoko osaoneka. Mfundo muimange kawiri n'kuimiza m'kati.

Chosayenera: musatokose makona ndi nsonga ya sizasi potembenuza. Tengani pensulo chakumbuyo kwake kapena kamtengo kobuntha. Kabowo kamene sizasi yaboola lero kadzakhala khomo chidole chikachapidwa katatu.

Choyenera: m'kati muike thonje la polyester, lija la m'mapilo. Nthawi zambiri kugula pilo watsopano n'kumung'amba kumatchipa kuposa kuligula palokha. Lipatulenipatuleni ndi zala, muziika pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga za miyendo ndi mphuno. Pakhosi tsenderani kwambiri kuti mutu usazyolike. Limalowa lambiri kuposa mmene mungaganizire.

Chosayenera: musaikemo nyemba, mpunga, mchenga, utuchi, majumbo kapena siponji yonyenyeka. Nyemba ndi mpunga zimaitana anankafumbwe ndi makoswe, zimafufuma zikanyowa, ndipo msoko ukaphulika zimakathera m'mphuno ndi m'khutu mwa mwana. Thonje la kumunda losachotsa njere nalonso ayi. Tizigamba tochapa todula ting'onoting'ono tingathandize zinthu zikavuta, koma timalemera ndipo sitiuma msanga, choncho nyengo ya mvula chidole chimachita chuku m'kati kunja kukuoneka bwino.

Choyenera: maso, mphuno ndi kamwa muchite kupeta ndi ulusi. Apa ndiye sindinyengerera. Zimbalangondo zakale zinkakhala ndi maso a galasi obayidwa ndi waya, ndipo ankazuka. Mu 1948 kampani ya Wendy Boston ku Wales inabweretsa maso a pulasitiki okhomedwa ndi kachitsekero kumbuyo, ndipo mtundu umenewo ndi umene ukugulitsidwa mpaka lero. Komabe maso amenewo amalimba pa nsalu yothina. Pa choluka kapena nsalu yotamuka amatha kupulumuka ndi kachitsekero komwe. Malamulo a ku Ulaya a zoseweretsa, otchedwa EN 71, amayesa ndi kachitini kotambalala mamilimita 31.7. Kanthu kalikonse kochoka pa chidole cha mwana wosakwana zaka 3 n'kulowa konse m'kachitiniko, chidolecho chalephera. Diso amalikoka ndi mphamvu yofanana ndi kulendeweka makilogalamu 9. Ndi batani liti losokedwa pamanja limene mungalumbire kuti lipirira zimenezo litatafunidwa mwezi wathunthu? Diso lopeta silivuta: jambulani kozungulira, dzazani ndi ulusi wakuda mizere yogundana, pamwamba muike kadontho koyera. Maso akakhala chakumunsi pang'ono ndiponso otalikirana, nkhope imaoneka yaukhanda, ndipo ana amaikonda. Yesani kaye malo ake ndi timapepala musanabaye singano.

Chosayenera: musanene kuti chidolechi ndi cha mwana wamkulu, ndiye mabatani ndi mikanda zilibe kanthu. M'makomo mwathu chidole cha mwana wa sitandade 1 chimagona m'manja mwa kamng'ono kake kokwawa, kapena mwa khanda la oyandikana nawo. Musaikemonso timabatire tophwatalala tija ta m'mawotchi kuti chidole chiziwala kapena kuimba: mwana akameza, timatha kuwotcha kummero m'maola 2 okha. Maginito nawonso ayi. Awiri akamezedwa amakokana ali m'matumbo n'kuboola.

Choyenera: werengani mapini musanayambe ndiponso mukamaliza. Mafakitale a zidole amadutsitsa katundu wawo pa makina ofufuza zitsulo. Inu makina anu ndi kuwerengako. Singano ikathyoka, musapitirize mpaka zidutswa zonse mutazipeza. Chidole chikatha, chifinyeni paliponse, mukoke makutu, mchira ndi miyendo mwamphamvu, muchichape kamodzi, muone ngati chauma m'kati ndiponso ngati misoko yapirira.

Chosayenera: musamangirire riboni kapena chingwe chachitali. Chisapitirire masentimita 20, ndipo chisokereredwe, chisapange lupu yoti mutu wa mwana ungalowe. Musagonekenso khanda ndi chidole. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics limalangiza kuti pogona mwana wosakwana chaka pasakhale chidole, pilo kapena chofewa chilichonse chimene chingatseke mphuno. Popereka mphatso kwa mayi wachikuta, muwauze zimenezi ndi pakamwa panu.

MUKAYAMBA KUGULITSA

Choyenera: sokani zanuzanu. Njovu, mvuu, kalulu wa m'nthano, chidole chovala chitenje ndi duku, mwana ali kumbuyo: izi mlendo wodzaona nyanja amazifuna, ndipo mwana wa kuno amadzionamo. Pa katundu aliyense mangirirani kapepala konena chimene chili m'kati ndi kachapidwe kake.

Chosayenera: musakopere zidole za m'makatuni a pa TV kuti mugulitse, kapena kuchulukitsa patani ya munthu wina pa fotokope n'kumatsatsa. Zili ndi eni ake, ndipo lamulo la za umwini wa luso, limene Malawi analikonzanso mu 2016, limateteza zojambula ndi zolemba zotere.

Choyenera: musanatchule mtengo, lukani chimodzi mukuyang'ana wotchi. Lembani m'kope maola, magalamu a ulusi, singano imene mwagwiritsa ndi ndalama ya thiransipoti yokagula zipangizo. Lesi imadya nthawi kuposa mmene imaonekera, ndipo wogula amayerekeza ndi ya pa makina ya mumsika. Mufotokozereni kusiyana kwake, mumuonetse ndi kuseri komwe.

Chosayenera: musalandire oda ya shawelo ya ukwati musanamalizepo ina yofanana nayo, ndipo musayambe popanda ndalama ya ulusi kuperekedwa. Mukailandira, gulani ulusi wonse tsiku limodzi, muone kuti nambala ya utoto pa timapepala ta mipukutu yonse ndi imodzi, muwonjezerepo mpukutu umodzi wapadera. Yoyera ya mwezi uno ndi yoyera ya mwezi wamawa zimasiyana, ndipo mzere wosiyanawo umaonekera bwino shawelo ikatambasulidwa padzuwa.